Mabotolo a anankafumbwe

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu. Kuno kudziko la eni, ku Entumbane, tilipo, koma mutu sunandileke chiikireni maliro a amuna anga.

Posesa m'nyumba maliro atatha, ndinapeza mabotolo a chimanga chofumbwa kuseri kwa kabati. Ndinaona ngati zinyalala, ndipo ndinakhuthulira nkhuku.

Lachiwiri kunabwera mtsikana amene malemuwo ankamuphunzitsa ku yunivesite. Anandipepesa m'Chindebele, kenako anati, "Mama, ndadzatenga mabotolo a adokotala. Anabwera nawo kuno atayamba kudwala."

Nditamuuza, anangokhala pansi pakhonde. Akuti m'mabotolomo munali anankafumbwe amene malemuwo anawaweta zaka zambiri, pofufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'thupi mwawo n'kumawapatsa mphamvu. Akuti zimene malemuwo analemba akuziwerenga mpaka kunja, anthu ofuna kuteteza chimanga cha alimi. Ine ndinkangowanena kuti amaseweretsa tizilombo ngati mwana.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga mukamuchotsa tizilomboto, nankafumbweyo amafa?"

"Ayi mama, safa msanga. Amayenda, amadya, koma amakhala wofooka."

Ndinamuperekeza kukakwera kombi.

Chonde musamuuze mwana wanga Thoko za mabotolowa, ndidzamuuza ndekha. Mundipempherere, ndipo Mulungu akusungeni nonse. Amayi akafunsa za ine, muwauze zoona: ndikuyenda, ndikudya.

Ndine mlongo wanu,
Esinati