Filimu ya Pakhonde ku Kabwata

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ine ndili bwino, kapena ndingonena kuti ndilipo. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimakwera basi kupita ku koleji, madzulo n'kubwerera kuno ku Kabwata. Anthu amati ndinatengera inu kulimba mtima. Si kulimba mtima ayi, Amayi. Chichokereni kumanda kuja m'kati mwangamu mwangoti zii, ngati mkono umene waugonera. Mpaka lero sindinalire, ndipo kumene misoziyo inapita sindikudziwa.

Ndiyambe ndi zapakhomo, poti inu munkadana nazo zomva nkhani za m'nyumba mwanu kwa anthu apamsika. Alamu anga, akazi a achimwene Yotamu, anachira bwino nthawi yozizira ija, mwana wamkazi. Atate anamutcha dzina lanu, Esinati, moti akamalira palibe amene amalimba mtima kumukalipira, timangoti pepani agogo. Chimanga chija munabzala kuseri kwa nyumba tinakolola, ngakhale cham'mbali mwa msewu anatithandiza kudya ndi anthu odutsa. Mtengo wa mango wachita maluwa ambiri chaka chino. Mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira ikadalipo, yangotalika. Malo anu kumsika anatenga ndi bana Mwila, anzanu aja oyandikana nafe nyumba, koma zitumbuwa zawo n'zouma ngati njerwa, ndipo amadziwa okha. Atate akupalasabe njinga yawo kupita kufakitale. Sayankhulayankhula masiku ano, akaweruka amangokhala pa kampando kanu pakhonde mpaka udzudzu uwathamangitse.

Sukulu ya zojambula ija ndikupitiriza, imene munkati ndi sukulu yophunzira kuyang'anitsitsa anthu, chinthu chomwe munandiletsa ndili mwana. Aphunzitsi athu, ba Mwansa, amatitsegulira mabuku akuluakulu a akatswiri ojambula nkhope. Muli azibambo a kumayiko a kumadzulo kwa Afirika amene ankakhazika anthu patsogolo pa nsalu zamaluwa, wina atanyamula wailesi yobwereka, wina atatsamira njinga yamoto yomwe si yake. Mulinso mayi wina wakunja amene ankajambula anthu osauka osawauza kuti amwetulire. Ba Mwansa amati tisamakhulupirire kamera, chifukwa ukaimika munthu wakuda pakhoma loyera imamvera khomalo, nkhope n'kutuluka ngati khala. Ndiye kuwala timakuyezera patsaya la munthu, kapena timamukhazika pafupi ndi zenera, mnzako n'kugwira nsalu yoyera mbali inayo. Amakondanso mwambi wanu uja, woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lomwe anaunena koyamba ndinacheuka ngati mwalowa m'kalasi.

Vuto ndi loti kamera masiku ano ili ngati mfuti. Sabata ina anyamata achipani anandigwira m'tauni pafupi ndi positi ofesi, ati ndikujambulira adani a dziko. Ndinawaonetsa kuti mulibe ngakhale filimu, koma anandisungabe padzuwa mpaka anatopa nane. Atate atamva anachita mantha kwambiri. Ine ndinangoona kuti nsapato zanga zachita fumbi.

Koma chimene ndakulemberani si chimenechi. Abale anakumana kuno mwezi watha kukambirana zomanga chiliza chanu mvula isanagwe. Azakhali a ku Chelstone, alongo awo a atate, mukuwadziwa mmene amakondera zinthu zooneka, anati patsikulo pafunika chithunzi chanu chachikulu cham'galasi, choti mwambo ukatha chidzapachikidwe pabalaza. Tinafufuza m'masutikesi monse, Amayi. Paukwati wanu kumudzi kunalibe wojambula. Kachithunzi ka pakhadi lanu la boma kanafufutika kalekale ndi thukuta, poti munkalisunga pachifuwa pamodzi ndi kansalu ka ndalama zamsika, pangotsala mthunzi wa duku. Apo m'pamene tinazindikira kuti mwakhala zaka zonsezi mu Lusaka muno, mwabala ana, mmodzi mpaka akuphunzira kujambula, koma nkhope yanu palibe pamene inatsala. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinawauza za filimu ija. Mukulikumbukira tsikulo? Kusukulu anatituma kuti aliyense akajambule munthu ali pantchito yake, ine n'kubwereka kamera ya kusukulu, n'kukupezani pakhonde mukukazinga zitumbuwa pambaula. Munakana kwamtuwagalu. Munati: "Iwe Dailesi, ukufuna anthu akandione ndi duku lamafutali? Dikira Lamlungu ndivale." Ine osamva. Ndikati ndikweze kamera, inu mwakweza kale chitenje kumaso. Ndinazungulira mbaula, ndinabisala kuseri kwa chitseko, ndinanamizira kuti ndasiya, mpaka filimu yonse inatha. Mumtima ndinkati pena pake ndakupezererani ndithu, simungandipose liwiro ulendo uliwonse. Lamlungu litafika munavaladi diresi lanu la buluu lija, koma kamera ndinali nditabweza, ndipo filimu amatipatsa imodzi basi mpaka titatsekera, chifukwa m'masitolo munalibe. Munati palibe kanthu, Malamlungu ndi ambiri. Pamene tinkatsegulira sukulu, inu munali m'chipatala. Nanga si munkanena nokha kuti chakudza sichiyimba ng'oma.

Filimuyo sinatsukidwe. Poyamba mankhwala otsukira anali atatha kusukulu, kenako kunabwera maliro, kenako ndinangoiika m'kachitini kanu ka singano m'kabati, osafunanso kuiona. Ikakhala m'menemo ndinkati nkhope yanu ilipo, ikungodikira. Ba Mwansa nditawafotokozera anati filimu sidikira munthu, kutentha kwa mwezi uno kumaidya pang'onopang'ono, ndikazengereza ndidzapeza utsi wokhawokha.

Ndiye Lachiwiri lapitalo masana ndinalowa nayo m'chipinda chamdima. Filimu timaitulutsa mumdima wa ndiweyani, manja okha ndiwo amaona. Ndinathira mankhwala, ndinakhutchumula, ndinatsukuluza ndi madzi, n'kuiyanika pachingwe ngati kachidutswa ka nyama... ayi, ngati lamba wa mwana wasukulu, mundikhululukire, mawu akundisokonekera. Itauma ndinaiyang'ana pazenera kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amayi inu, munandiposa liwiro paliponse. Chitenje, chitenje, chitenje. Pena mbaula, pena msana wanu, pena chigongono. Nkhope palibe ngakhale diso limodzi.

Ndinkayembekeza kuti apa ndiye ndilira. Sindinalire. Ndinatsuka mabeseni, ndinapukuta tebulo, n'kufunsa mnzanga ngati basi ya ku Kabwata ikudutsabe msewu wakale. Ba Mwansa anaiyang'ana filimuyo nthawi yaitali, n'kuloza kachithunzi kamodzi, ati ndikakulitse. Ndinakakulitsa chifukwa choti anena ndi aphunzitsi. Pansi pa nyali yofiira ija pepala linayamba kuda m'madzi, kunatuluka mayi atakhala pakampando, dzanja limodzi litagwira chitenje kumaso, lina lili ndi chipande cha mafuta.

Azakhali atamva kuti nkhope sinatuluke, anabwera ndi nzeru. Anati amayi aang'ono a ku Chilenje, ang'ono anu, mumafanana kwambiri, ndiwajambule iwowo atavala diresi lanu la buluu, kenako ndikonze ndi pensulo mphuno ndi masaya monga amachitira m'masitudiyo a m'tauni. Anati ndani adzadziwe, nanga alendo adzabwera ndi chofanizira? Choipa n'chakuti ntchito imeneyo ndimaitha, tinaphunzira, ndipo ndinakhoza bwino. Achimwene Yotamu anavomera. Ine ndinayang'ana Esinati ali kumsana kwa amake, ndinaganiza kuti adzakula akuloza nkhope ya munthu wina pakhoma n'kumati ndi agogo amene anatenga dzina lawo. Sindinakane, sindinavomere. Mphamvu yokangana ndi azakhali ndinalibe.

Loweruka abale anakumananso kuti amalize nkhaniyo. Ndinatulutsa chithunzi chija mu envulopu n'kuchiika patebulo, kuti aone okha kuti sindinaname. Azakhali anachinyamula ndi zala ziwiri.

"Zaka zonsezi kusukulu, n'kutibweretsera chithunzi cha nsalu?"

Atate anatambasula dzanja, anavala magalasi awo omanga ndi ulusi aja, n'kupita nacho pakhomo pomwe pali kuwala. Anakhalitsa pamenepo, mpaka alamu anayamba kutolera makapu. Kenako anati, osatembenuka:

"Akuseka apa."

Azakhali anafunsa kuti akuona bwanji kuseka pomwe pakamwa sipakuoneka. Atate analoza mapewa anu mmene anakwerera, analoza kachala kakang'ono ka dzanja logwira chitenje, kataima pakokha. Anati mmenemo ndi mmene munkachitira mukamabisa kuseka m'tchalitchi, kuyambira muli mtsikana kumudzi, tsiku lomwe mlaliki anagwa ndi benchi. Analozanso chipsera cha mafuta pamkono panu, n'kunena chaka chimene munapsa, Yotamu ali wakhanda. Atatero anati cham'galasi chikhala chimenechi, ndipo za ku Chilenje zithere pomwepo. Aka kanali koyamba kuwaona atate akuwadula mawu alongo awo.

Onse atapita ndinachitenga n'kuchiyang'ananso. Ine amene ndimaphunzira kuyeza kuwala patsaya la munthu, ndinachitsuka ndekha, ndinachikulitsa ndekha, koma sindinaone kuti mukuseka. Tsikulo pakhonde paja ndinkayesa kuti ndakukwiyitsani, Amayi, ndipo chaka chonsechi ndakhala ndikuyesa choncho. Kani munkasewera nane.

Kulira sindinalirebe, ndisakunamizeni. Kungoti ndikachiyang'ana, mkono wogonera uja umayamba kunyerenyesa pang'ono, ndipo zimapweteka. Ba Mwansa akuti ndichipereke pamayeso a kumapeto kwa chaka. Ndawauza kuti ndiyamba ndakupemphani, poti duku lamafuta lija likuoneka bwinobwino. Mukakana mundiuze m'njira yanu.

Filimu ya ulendo uno anatipatsa dzana. Dzulo atate akutsika panjinga, ali mu ovololo yawo yakuda ndi girisi, ndinawaimitsa pageti. Anati ndidikire Lamlungu avale jekete. Sindinadikire, Amayi. Ndawajambula momwemo, ndi achimwene, ndi alamu ali ndi thovu la sopo m'manja, ndi Esinati akulira kukamwa kuli yasa. Esinatiyo akadzakula ndidzamukhazika pansi pa chithunzi chanu, ndidzamuonetsa kachala kaja, ndipo ndikulonjeza kuti adzadziwa mmene munkasekera. Patsiku la chiliza ndidzavala diresi lanu la buluu.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Dailesi