Ndiwo za Ba Mubita

Ba Sisi,

Moni kwa inu nonse ku Katete. Kuno ku Linda tili bwino, chifuwa cha amayi chachepa.

Koma ine mtima ukundiwawa. Ntchito yanga ku labu mukuidziwa: ndimagwira mbewa zoyera zija, n'kuzikhudza diso ndi kamakina koyeza pulesha ya m'maso. Lachiwiri mbewa imodzi inasowa tisanaiyeze. Ba Mubita, anzanga a pantchito, anauza abwana pamaso pa onse kuti, "Funsani uyu wakum'mawa, kwao mbewa ni ndiwo." Akanakhala Mbemba ndikanaseka, ndi chimbuya, chibale chathu chonyozana mwanthabwala. Nanga iwo, a mtundu wa Alozi, ali nane chimbuya chanji? Abwana anandilanda makiyi, pano ndikungotsuka makeji osungiramo mbewa. Mbewayo inapezeka kuseri kwa filiji, ndipo amene anasiya keji yosatseka ndi Ba Mubita omwewo. Kupepesa, mpaka lero ayi.

Chonde nditumizireni pa basi mbewa zouma za kumunda, zonona bwino. Ndidzazisinja, ndithire mu nkhwani wotendera uja amakonda kundipempha pa lanchi. Akadzamaliza kunyambita zala, ndidzawauza zomwe adya, n'kuwafunsa pamaso pa abwana omwewo kuti kwao n'kuti.

Mulungu akusungeni, inu ndi ana.

Ndine mng'ono wanu,
Misozi