Mizu ya Mandimu M'paipi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Kodi chifuwa chija chinakasiya? Nanga mano ayamba kutuluka? Kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, mankhwala ndikumwa pa nthawi yake. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene ukanafunsa.

Udabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni ndimati ndili bwino, iwenso nkuti uli bwino, kenaka timangomverana kupuma. Ndiye ndati ndilembe. Nkhani yake si yaulemu kwenikweni. Ndi ya paipi ya kuchimbudzi.

Zinayamba utangobwerera kuchokera kumaliro a amayi ako. Ukudziwa unyinji wa anthu amene anali pano masiku aja, onse chimbudzi chimodzi. Nyumba itakhala zii, ndinayamba kumva chimbudzi chikuchita phokoso ngati munthu wotsuka kukhosi. Kenaka madzi a m'bafa anayamba kubwerera. Tsiku lina ndinapeza madzi otuwa atazungulira chivindikiro cha simenti chija chili kuseri, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Ndinaima nkuwayang'ana kwa kanthawi, kenaka ndinalowa m'nyumba nkutseka chitseko.

Fungo sindinkalimva. Chiwatayireni amayi ako, mphuno ndi lilime zangokhala ngati za munthu wina. Ndinayamba kusamba m'ndowa nkumataya madzi pa udzu. Zinazo ndinkapita kulaibulale kumene ndinkagwira ntchito kuja. Alonda a kumeneko amandipatsa moni mwaulemu, akuganiza kuti ndabwera kudzawerenga. Ndimakhaladi pansi ndi buku lotsegula, koma tsamba silisintha.

Anatulukira zimenezi ndi amalume ako. Atangolowa pageti anagwira mphuno, ati kodi alamu mwayamba kuweta nkhumba osatiuza? Atazungulira kuseri nkuona, nthabwala zinawathera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaimbira pulambala.

Anabwera yemwe uja wamtali, wa kapu yofiira, amene amayi ako ankamutcha a Mawa chifukwa chilichonse amati adzapanga mawa. Ine ndinkadziwa kuti anafikapo pano kamodzi kokha, pokonza mpopi wa kukhitchini kalekale. Koma munthuyu sanafunse njira. Anangolunjika kuseri, kukankha chivindikiro, kulowetsa chitsulo chake chachitali chopindika chija, nkutulutsa mtolo wa mizu yakuda ngati tsitsi lometedwa. Anaipukusa, nkuyang'ana mtengo wa mandimu ngati munthu wokumana ndi mnzake wakale womuvuta.

Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji pamene pali vuto. Anavula kapu nkuyamba kukanda m'mutu. Ati pepani bambo, ineyo pano ndakhala ndikubwera chaka ndi chaka mvula isanayambe, inu muli kuntchito kapena mwapita kowerenga. Ati mayi ankandiitana, ndichotse mizu, andipatse tiyi ndi jumbo ya mandimu, ndizipita.

Ati anawauza kale amayi ako kuti paipiyo ndi yakale, yadothi lowotcha, ndipo inang'aluka pansi penipeni pa mtengowo. Amayi ako anamuyankha kuti paipi ndi paipi, koma mtengowu wakulira limodzi ndi mwana wanga. Anamuletsanso kundiuza. Ati abambo awa akangodziwa apita kukawerenga mabuku onse a mapaipi, nyumba imira iwo ali pa mutu wachiwiri.

Chaka chino palibe anamuitana. Nthawi yochotsa mizu itakwana, amayi ako anali kuchipatala.

Sukumbukira mmene mtengowo unabwerera, unali wamng'ono. Amayi ako anaona kuti pamalo pamenepo udzu umakhala wobiriwira ngakhale dzuwa liwotche bwanji, ndiye anadzalapo kambewu kawo. Inenso ndinavomereza, ndinati nthaka ya pamenepo ndi yabwino. Mandimu ake ukuwadziwa, aakulu ngati nkhonya. Anthu ankabwera kudzapempha mbewu, koma kwawo sinkabereka chomwecho. Akafunsa chinsinsi, amayi ako ankatambasula chikhatho nkuti ndi dzanja basi.

Amalume ako atamva anaseka mpaka kutsamira khoma. Ati ndiye kuti zaka zonsezi achemwali anga akhala akutibwezera zathu zomwe mu tiyi! A Mawa anasekanso, kenaka anachita manyazi nkuvala kapu. Ine ndinaona kuti nzoseketsa, monga mmene umaonera mvula uli kuseri kwa galasi. Sinandinyowetse.

Kenaka a Mawa anandiuza njira ziwiri. Yoyamba ndi kukumba pang'ono, kudula mizu, kumata pong'alukapo, mtengo nkukhala. Koma ati paipiyo yafewa ngati bisiketi yoviika mu tiyi, chitsulo chikalowa kamodzi imaphwanyikanso pena, ndipo mizu ikalawa siiwala njira. Yachiwiri ndi kukumba ngalande kuchokera kubafa mpaka kumsewu, kuchotsa yakaleyo, kuika yapulasitiki. Ikatero nkhani yatha. Koma mtengo uli pamwamba penipeni pa njirayo, uyenera kudulidwa ndi chitsa chomwe.

Ndinafunsa ngati paipi singalambalale. Ati madzi a kuchimbudzi sakwera mtunda, bambo, ndipo mbali iyi kuli maziko a nyumba, mbali iyo kuli mpanda wa aneba. Ndinafunsa ngati mtengowo sungazulidwe nkuuika pena. Anangondiyang'ana mwachifundo. Ati wakalamba, ndipo mizu yake yakumbatira paipi.

Amalume ako anati timate basi. Ati alamu musadzivute, nyumbayi mudzaisiya posachedwa nkukakhala kwa mwana, wogulayo adzaona yekha. Sanalankhule moipa. Koma ndinadabwa kumva kuti anthu anakonza kale za ine.

Ndinauza a Mawa kuti ndiganize kaye, ndidzawauza mawa. Anamwetulira, ati lero mawa mwanena ndinu. Ndiye kuti dzina lija amalidziwa. Ati mayi ankandiitana choncho pamaso pomwe, pageti akukuwa. Anatsegula paipiyo kuti madzi aziyendako pang'ono, nkumapita. Jumbo ya mandimu sindinamupatse. Ndinakumbukira atakhota kale.

Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinapita kulaibulale nkutsitsa mabuku a mapaipi. Ndi zinthu zoyamba zimene ndawerenga mpaka kumapeto chichitikireni maliro. Tsopano ndikudziwa kuti muzu umayamba ngati kaulusi kosaoneka ndi maso, umatsata chinyezi, umalowa pa kamng'alu, nkumanenepa m'katimo mpaka kuswa paipi. Ndikudziwa kutsetsereka kumene paipi imafuna. Ndili pakati powerenga ndinazindikira kuti ndikuchita zimene amayi ako ananena. Ndinatseka bukulo nkudikira kuti mwina china chake chindigwira pakhosi. Palibe chinabwera. Ndinalitsegulanso.

Masiku anapita ndithu. Madzi anayambanso kutuluka pa chivindikiro paja.

Amene anandithandiza kuganiza ndi amayi a kuseri kwa mpanda, aneba athu aja amalera adzukulu. Chiyambire maliro akhala akundibweretsera chakudya m'mbale yovindikira. Ndinaona kuti chingwe chawo choyanikapo zovala achisamutsira kumaso kwa nyumba. Ndinaonanso kuti ana aja sakuseweranso kuseri, kumene ankachita phokoso ine ndikuwerenga. Mmawa wina ndinasuzumira pampanda, ndinawapeza atawerama akuthira phulusa ndi mchenga m'munsi mwa khoma. Madzi athu ankadutsa pansi nkutulukira kwawo.

Ndinawafunsa kuti bwanji osandiuza. Anadzidzimuka nkubisa fosholo kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Ati aa, achimwene, munthu ali pachisoni ungamuyambe ndi nkhani ya fungo? Ati ifenso mphuno zathu zakalamba, sizimva zambiri. Ndinafunsa za kamtsikana kawo kakang'ono, kamene sindinakaone masiku angapo. Ati kakutsekula m'mimba, koma ndi zipatso zosapsa zimene katola, ana a masiku ano samva. Ponena zimenezi sanandiyang'ane.

Tsiku lomwelo ndinaimbira a Mawa nkuwauza kuti tiike yatsopano. Abwera kudzatsegulanso kuti madzi asapitenso kwa aneba, ndipo ndikugwiritsabe ndowa. Ntchito yeniyeni tagwirizana Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Ndinasankha patali chonchi kuti kalatayi iyambe yakufika. Odula mitengo adzabwera mmawa ndi makina awo, okumba adzayamba masana.

Sindikupempha chilolezo, mwana wanga, ngakhale mtengowo ndi wakonso. Pansi pake mpamene unkalembera ntchito ya kusukulu, ndipo chipsera cha minga yake chikadali pa mkono wako. Ndikungokuuza kuti ukadzabwera usadzayang'ane kuseri nkudzidzimuka.

Ndayesa kufunsa amayi ako m'maganizo. Mtengowo anauteteza zaka zonsezi, mpaka kundibisira ine amene sankandibisira ngakhale mtengo wa nsapato. Komanso sakanalola kuti mwana wa mnzawo adwale chifukwa cha mandimu. Ndimakhala pampando wawo wa pakhonde nkumvetsera kuti mwina ndimva mmene akanayankhira. Nkhope ndikuiona bwinobwino. Mawu ndi amene sakubwera. Ndimangomva mpopi ukudontha.

Dzulo ndinakwera makwerero nkuthyola mandimu onse, akupsa ndi aawisi omwe. Usandikalipire, ndinagwira bwino. Adzaza beseni lochapira, mapoto awiri aakulu aja ndi bafa, poti silikugwira ntchito. Aneba ndawapatsa. A Mawa ndawasungira jumbo yawo. Amalume ako anayamba akana, ati iwo sadya katundu wobwezedwa, koma pochoka ndinawaona akudzaza matumba a jekete. Otsalawo sindikudziwa chochita nawo. Akuti nyumba yonse ikununkhira mandimu. Ndikukhulupirira mawu awo.

Tsopano pempho langa.

Unaona kuti pamaliro sindinalire. Unandiyang'ana kangapo, ndinakuona. Usaganize kuti ndinkadzilimbitsa. Munalibe kanthu m'katimu, ndipo mulibe mpaka lero. Ndimadzuka, ndimayala bedi mbali zonse ziwiri, ndimawiritsa madzi. Zonse zikuchitika patali pang'ono ndi ine.

Koma Loweruka limenelo likundiopsa. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri: kuti mtengo ukamagwa zonse zidzandigwera nthawi imodzi ndili ndekha, kapena kuti udzagwa ine nditaima ndi kapu ya tiyi osamva kalikonse. Amalume ako anadzipereka kuti adzabwera, koma iwo adzayesa kundiseketsa, ndipo ine ndidzayesa kuseka kuti asakhumudwe.

Ndiye udzandiimbire foni mmawa umenewo, kaya kwanuko kudzakhala nthawi yanji. Usadzandifunse kuti ndili bwanji. Udzangolankhula. Udzandiuze za kuntchito, za mabasi a kumeneko, za mnzako wokuvuta uja, chilichonse. Umalankhula mofulumira ngati amayi ako, umamezanso mapeto a mawu ngati iwo. Sindinakuuzepo. Ndidzakhala kuchipinda chako chakale, ndiko kuli kutali ndi kuseri. Ndikadzakhala chete usadzaganize kuti foni yavuta. Ndidzakhala ndili pompo, iwe uzidzangopitiriza mpaka makinawo atazima.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwathokoze chifukwa cha zonse anachita masiku a maliro. Upereke moninso kwa apongozi ako ukalankhula nawo. Aneba akuti ndikupatse moni, ndipo kamtsikana kaja kayamba kudya. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni tulo tabwino ndi thanzi.

Kamdzukulu kanga udzakhale nako pafupi ndi foni tsiku limenelo. Kakadzayamba kulira, usadzafulumire kukatontholetsa.

Ndine,
Bambo ako