Mzere umene anaima Malita

Pretoria North
14 June

Okondedwa Achimwene Godfrey,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Kodi mwendo wawo uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kuzizira kwandisweretsa milomo. Ntchito ya m'nyumba ikuyenda. Agalu a abwana okha ndi amene sanandizolowerebe, chaka chachitatu chino.

Za mapulaimale a ukhansala ndinazimva Lamlungu ku Mabopane. Aziz, wa ku Machinga wogulitsa nsapato pa renki ya maminibasi, anandionetsa chithunzi pa foni: anthu atandanda pabwalo la sukulu, aliyense kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Mzere wanu ndinauwerenga kawiri, ngati kuti uwonjezekera. Zinandiwawa, Achimwene. Ndikudziwa mmene munapalasira njinga midzi yonse ija mpaka kuonda.

Ndinamuonanso mng'ono wanga Malita ali mumzere wa aphunzitsi amene anakupambananiwo. Sindibisa, ndinapsa mtima, ndipo ndinamuimbira foni n'kumukalipira. Iye anangolira. Akuti pamjigo ndi kumsika amamva kuti kutsidya kwa mtsinje anthu sakukudziwani, moti mukanaimira chipani inu, mpando ukanapita kwa ena. Akuti sanafune mudzagwe pa chisankho chachikulu, boma lonse likuona. Kaya analondola kaya analakwa, ine sindidziwa. Koma kuvota kwa pamzereku n'kodanitsa. Kukanakhala koponya m'bokosi, bwenzi lero mukudyera mbale imodzi.

Ndamvanso kuti mukufuna kuima panokha. Inu amene munasasa mawu poimbira mtsogoleri wa chipani kuti adzakhale pulezidenti, lero mukamugawire anthu ake pakati? Komabe ndale ndikusiyirani eni ake, ine zanga ndi tsache ndi mopu.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi akuti mwamuletsa Malita kuponda pakhomo panu, ndipo mwakatenga mwana wanu Pilira kunyumba kwake. Chimwalirireni alamu, mwanayo mayi amene akumudziwa ndi Malita. Akuti sakudya bwino, amangokhala pakhonde kuyang'ana kunjira. Iye ali ndi zaka zitatu, sanaime mumzere wa aliyense. Chonde mubwezereni kwa azakhali ake, mkwiyo wanuwo muuthetse pang'onopang'ono.

Chithunzi chija ndakutumizirani pa foni. Mzerewo musauwerengenso, ndawerenga kale ine. Mungoyang'ana Malita bwinobwino. Dzuwa lonse lija, tsiku limene mukuti anakutayani, mwana amene wabereka kumsana, atamufunditsa mpango wake kumutu, ndi wanu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, amalume ndi azakhali. Kwa Malita sindipereka moni m'kalata ina, mukamupatse ndinu pakamwa.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esnat