Bondo la Goloboyi

Lachitatu, 17 Nov 1999

Mwiza kwa Anti Beatrice, 09:14
anti mwafika bwino ku Blantyre? foni yanu ndikuisunga ngati dzira. chipinda chotikitira ndasesa, matawulo ndachapa. mai a msana aja ndawauza adikire mubwere

Anti Beatrice, 09:40
Ndafika, course itha Lolemba. Iyi ndi foni ya ankolo ako. Yangayo ndakusiyira ya makasitomala, osati ya zibwenzi. Ndipo usatikite munthu. Miyezi iwiri pambali panga si sukulu.

Mwiza, 09:42
anti inunso. ine zibwenzi ndazidziwira kuti

Flywell kwa Mwiza, 11:05
ndine Flywell goloboyi wa Kaliyeka Rangers. foni ndi ya abwana a timu a Maxon. bondo landitupa, Loweruka kubwera a timu yaikulu ya ku BT kudzandiona. akuti umatha kutikita. help

Mwiza, 11:06
Flywell wa jezi yachikasu??

Mwiza, 11:07
ndinkaima kuseri kwa golo lako term yonse ya form 4. sunandione?

Mwiza, 11:09
ndifika 2 koloko

Flywell, 11:31
ok. ubwere ndi mafuta

Mwiza kwa Flywell, 17:20
ndafika ku 25. manja anga akununkhirabe mafuta aja, sindikufuna kusamba. bondo lako limatentha ngati mbatata yootcha, kapena unali mtima wanga? tikakakhala ku BT ndizikutikita game iliyonse ikatha

Mwiza, 17:48
mawa uchotse kansalu unamanga kaja, ndimangozungulira m'mbali

Mwiza, 18:30
Flywell?

Lachinayi, 18 Nov

Mwiza kwa Anti Beatrice, 10:52
anti funso chabe. mnzanga wina akufunsa. bondo likatupa, lafiira, likutentha, mwini wake akunjenjemera dzuwa lili phwee, kutikita kumathandiza?

Anti Beatrice, 10:58
Tsamba loyamba la kope lako likuti chiyani?

Mwiza, 11:01
molumikizana mafupa mukatentha, mukafiira, mukatupa, munthu ali ndi malungo: OSAGWIRA

Anti Beatrice, 11:02
Ndiye mnzakoyo dzina lake ndi Mwiza. Wagwira ndani?

Mwiza, 11:10
goloboyi wa ku Kaliyeka. dzulo mphindi 30 basi. lero ndamasula kansalu, anti, Mulungu wanga. amake anamutema mphini Lamulungu, 9 kuzungulira bondo, nkupakamo zakuda. lezala lake lomwe amametera bambo ake

Mwiza, 11:12
nsalu inamatirira. nditakoka kwatuluka mafinya obiriwira mpaka m'zikhadabo. fungo ngati ngalande ya kumsika nthawi ya mvula. ntchentche zinabwera ngati zaitanidwa. ndasanza kuseri kwa bafa lawo, amake akundiyang'ana

Mwiza, 11:13
ndasamba kanayi ndi sopo wochapira. likumvekabe

[Anti Beatrice aimba, 11:14. Sanayankhe.]

Anti Beatrice, 11:16
Yankha foni iwe! Dzulo umakanda mafinya ngati ufa wa mandasi. Kumeneko si kubinya ayi, matenda alowa m'bondo. Akadya mkatimo mwendo umenewo sudzapindikanso. Apite kuchipatala LERO. Za iwe ndi ine tikamba Lolemba.

Mwiza kwa Flywell, 11:25
anti akuti upite kuchipatala lero lomwe. pls. si nkhani ya mafuta iyi

Flywell, 12:40
akandigoneka, Loweruka landipita. amai akuti mafinyawo ndi matenda akutuluka, mankhwala akugwira. ingobwera ufinye onse atuluke, undithowe ndi madzi otentha, timange bwino. ndigwira

Mwiza, 12:41
ukulephera kufika ku toilet wekha, ukagwira chani

Flywell, 12:55
si iwe umati uzinditikita ku BT? abwana anatiwerengera mauthenga ako ku training dzulo, anyamata anagwa nako kuseka. pano akunditchula Mbatata Yootcha. ndiye ngati umandikondadi bwera ufinye

Mwiza, 12:56
anawerengera timu yonse?

Flywell, 12:58
foni ndi yawo. nanenso ndinaseka, zinali bho

Mwiza, 13:30
fungo lija ndimayesa ndiye chonyansa cha lero

Mwiza kwa Bambo Maxon, 13:34
Bambo Maxon, ndine Mwiza wa mbatata uja. Popeza mauthenga a eni mumawerenga, werenganinso uwu, mokweza, timu yonse imve.

Mwiza, 13:36
Goloboyi wanu bondo lake likuola. Pitani mukamasule nsaluyo nokha, mununkhize. Pickup muli nayo. Mwendo umenewo ukauma, Kaliyeka yense adziwa kuti munauzidwa Lachinayi 1 koloko, inu nkumaseka.

Bambo Maxon, 14:20
Mwana iwe, ulemu unasiya kusukulu?

Bambo Maxon, 15:05
Ndaona. Tikupita.

Lachisanu, 19 Nov

Bambo Maxon kwa Mwiza, 08:45
Amulowetsa ku theatre dzulo madzulo, achotsa zodzaza kapu. Adokotala atikalipira tonse, amake, ine, ndi amene anatikita. Akuti masiku awiri ena bwenzi tikukamba zina. Pickup yanga ndatsuka kawiri.

Mwiza, 08:47
ali bwanji?

Flywell, 16:10
wasangalala? a ku BT akaona Medson mmalo mwanga. Medson woopa mpira uja! zaka 6 ndikudzigwetsa pa fumbi. ukanangofinya. wandiphera tsogolo

Mwiza, 16:12
mwendo uli nawo?

Flywell, 16:13
usandilemberenso

Mwiza kwa Anti Beatrice, 16:40
anti ndinamulembera ndakatulo 11 mu kope la Biology. ndayatsira mbaula. zayaka bwino kuposa makala a ku Mgona

Anti Beatrice, 17:02
Kope la mawondo usaotche. Lolemba undiuza tsamba loyamba pamtima, utaimirira, makasitomala akumva. Ukatero uchapa matawulo mwezi wathunthu osagwira munthu.

Mwiza, 17:03
chabwino anti

Anti Beatrice, 17:09
Koma abwana aja unawalembera bwino, uthenga unanditumizira kuti ndione uja. Ankolo ako aseka mpaka kutsamwa tiyi.

Mwiza, 17:10
ANTI nanunso mukuwerengera anthu??

Lolemba, 20 Dec

Flywell kwa Mwiza, 10:15
Mwiza bho? anditulutsa kalekale. bondo lauma ngati chikuni, ntchafu yaphwa. adokotala akuti bala lapola, pano ndiye pofunika kutikita ndi ma exercise. akuti ndikalimbikira ndidzagwiranso

Flywell, 11:50
Medson anamwetsedwa zinayi, sanamutenge

Flywell, 14:05
zija ndinalemba unali ukali chabe. ndinkakuona kuseri kwa golo. unkavala jezi yobiriwira

Mwiza, 14:30
inali yofiira

Flywell, 14:31
eya yofiira. ubwera?

Mwiza, 15:12
sindiyenda m'makomo. Lachitatu 10 koloko kwa anti ku 25, ubwere ndi kalata ya adokotala. bondo agwira anti, ine ndizilemba m'kope

Flywell, 15:14
basi? palibenso ka mawu kena?

Mwiza, 15:15
usambe

[Flywell aimba, 15:16. Sanayankhe.]

[Flywell aimba, 15:19. Sanayankhe.]