Chithunzi cha Sabata Yatha

Lachiwiri, 4 Juni

Kuthamanga kwa magazi kwatsikako. Ndadziyeza ndekha ku labu ya kuchipatala ndisanayambe ntchito. Mwina n'kuyenda kwa m'mawaku, mwina mapiritsi. Sindingadziwe, ndinaziyamba limodzi.

Zimene ndajambula lero: geti la aphunzitsi opuma aja, dzimbiri likulidya kuchokera pansi. Galu wa pa garaja atagona m'tayala. Madzi a sopo m'ngalande. Zambiri n'zotaya. Chabwino chimodzi: bambo wamtali wa lendi kuseri kwa garaja, amene anthu amangomutcha Wautali, akutsika msewu atasenza mutu wa makina osokera paphewa. Msana wokha, nkhungu kutsogolo kwake. Sanandione.

Malamulo anga akadali awiri. Nkhope sindijambula, eni ake sanandipemphe. Ndipo chithunzi sindichitumiza ku gulu la pafoni la m'dera tsiku lomwe ndachijambula. Chigone kaye sabata. Ndinawerenga kuti diso limakonda chilichonse chatsopano, ndipo ndaona kuti n'zoona: theka la zimene zimandisangalatsa Lachiwiri zimandichititsa manyazi Lachiwiri linalo.

Achimwene pomwa tiyi: "Dokotala wathuyu, kamera yodula chonchi n'kumajambula ngalande. Bwanji osajambula maukwati, nafenso tidyeko?" Mlamu kuseka mpaka kutsamwa. Mimba yake yakula, mapazi ayamba kutupa. Ndamuuza achepetse mchere.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndilembe motsatana, mmene zachitikira.

Ndisanatuluke ndinatumiza chithunzi cha Wautali ku gulu, ndi moni wa masiku onse: mwadzuka bwanji a m'dera. Tsiku lojambula sindinalembepo. Sindilembapo. Foni ndinaisiya pabedi.

Sindinadziwe kuti akuba athyola shopu ya amayi atelala pakona n'kunyamula makina awo. Dera lonse linadzuka ndi nkhani imeneyo. Kenako pafoni pawo n'kugwa munthu atasenza makina, mbandakucha, m'nkhungu.

Pobwerera ndinamva wezulo, anthu akuthamangira ku garaja. Ndinapeza Wautali atamutulutsa kale m'nyumba. Kabudula yekha, thovu lometera likadali tsaya limodzi. Njerwa yoyamba inamupeza pakhutu. Anagwada. Wina thabwa, wina lamba wa chitsulo kumutu. Mayi amene ndimagulako tomato ankamenya ndi sikelo. Mkazi wa Wautali anadziponya pamwamba pa mwamuna wake, anamukoka tsitsi n'kumutaya m'ngalande. Mafoni m'mwamba, paliponse chithunzi changa. "Umboni ulipo! Ukanenso!"

Ndinakuwa kuti n'cha sabata yatha. Mawu anga sindinawamve ngakhale ine mwini.

Kamera inali pakhosi. Ndinaikweza. Ndikanakonda kulemba kuti ndinkafuna umboni, koma si zoona. Manja anangozolowera. Ndinadina, ndinadinabe. M'diso la kamera munalowa achimwene, atavala chovala chonyezimira cha gulu la chitetezo la m'dera, m'manja chitsulo cha ku shedi yawo yowotcherera. Anamenya nthiti, kenako dzanja limene Wautali anaphimba nalo mutu. Fupa likamathyoka silimveka ngati nkhuni. Limamveka lonyowa.

Tayala linafika. Wokagula petulo anachedwa, apolisi anamuyambirira.

Ndapita ku ntchito. Magazi a Wautali andipeza pa benchi masana, m'kabotolo, kuti tione mtundu wake amuwonjezere ena. Ndayeza bwinobwino.

Lachitatu, 12 Juni

Zimene ndamva kwa anamwino a ku wodi: nthiti zothyoka, dzanja lamanja lophwanyika, kapamba amuchotsa. Mwendo uli pa unyolo ku bedi, wapolisi pampando pambali. Mlandu: kuthyola ndi kuba.

Ndalemba ku gulu kuti chithunzicho ndinajambula pa 4, kuba kwachitika pa 11. Ndatumizanso pamene kamera imaonetsa tsiku. Ndimaganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Munthu sangabe makina sabata yathunthu asanabedwe.

Mayankho: "Tsiku amasintha, ngakhale mwana wanga amatha." Wina: "Ndiye kuti ankayeserera kunyamula." Wina: "Adokotala akuikira kumbuyo wakuba, kapena pali kanthu pakati pawo?" ndi tinkhope toseka. Masana andichotsa m'gulu. Woyang'anira gulu ndi achimwene.

Makina amene anthu anatenga m'nyumba ya Wautali anakawasiya kwa amayi atelala. Ndadutsako. Awo anali akuda, awa ndi otuwa. Avomera okha: "Si anga ayi, koma ndisungeko kaye mpaka anga apezeke." Akusokera kale.

Kunyumba achimwene adya bwino. Chitsulo chili kuseri kwa chitseko, chotsuka.

Lachinayi, 13 Juni

Mkazi wa Wautali wandidikira pakhomo la labu. Mlomo wotupa, nsapato zosiyana. Makinawo ndi ake. Mwamuna wake ankapita nawo kwa wokonza ku msika, anabwera nawo patapita masiku. Wokonzayo wakana kuchitira umboni, akuti za kupolisi iye ayi.

Sanalire, sanatukwane. "Amayi, ndinu munamuika pafoni. Muchotsenipo."

Ndamupatsa mankhwala a pamlomo. Ndi zokhazo zimene ndinali nazo m'thumba.

Loweruka, 15 Juni

Ndapita ku polisi ndi chithunzi cha pa 4, chapafoni ndi chosindikiza. Wofufuza ndi mayi wa msinkhu wanga, magalasi omanga ndi ulusi. Wamvetsera mpaka kumapeto. Akuti cha pafoni sichikwanira, aliyense angakonze. Akufuna kakhadi ka m'kamera momwe, mmene kalili. Kamera imapatsa chithunzi chilichonse nambala motsatana, ndiye zam'mbuyo ndi zam'tsogolo ndi zimene zimatsimikiza tsiku la chapakati. Ukafufutapo, pamatsala mpata. "Khadi la mipata musabwere nalo, mayi, khoti limalitaya lonse." Ndikudziwa kuti akunena zoona. Nanenso magazi a m'botolo lotsegulidwa kale sindiwalandira.

Ndikunyamuka wandifunsa ngati ndine mayi wa kamera amene anthu akuti analipo Lachiwiri. Ndavomera. Sinditha kunama mwachangu.

Madzulo ndatsegula zonse pa kompyuta, chitseko chokhoma. Kuwala kunali kwabwino m'mawa umenewo, nkhungu itangochoka. Nkhope iliyonse yooneka mpaka thukuta. Zaka zonsezi kukana kujambula nkhope, n'kudzayambira apa. Achimwene alimo m'zambiri. Chimodzi chagwira chitsulo chili m'mwamba, pakamwa pawo potseguka, mano a bambo athu enieni.

Ndayesa kudula m'mbali. Ukachotsa mutu mkono ukutsala, ndi chipsera chawo cha moto.

Ndawerenga zimene lamulo likunena pa kuvulaza koopsa. Ndi zaka, osati miyezi.

Ndiye zili chonchi. Khadi limodzi. Likapita, Wautali atuluka, achimwene alowa. Likakhala, Wautali akhalamo. Ndafufuza njira yachitatu usiku wonse ngati cholakwa m'masamu. Palibe.

Lolemba, 17 Juni

Polemba ndikupendeka mutu, diso lamanzere latseka.

Wina anandiona ku polisi. Dzulo achimwene analowa kuchipinda kwanga osagogoda. Poyamba mofatsa, atakhala pabedi. Akuti sanali okha, anthu anali khamu, iwo anangokhudzako. Akuti deralo akhala akulilondera kwaulere pamene ine ndili m'tulo, ndipo tsiku lija akanapanda kuoneka akumenya, anthu akanati gulu la chitetezo limadya ndi akuba. Mwina n'zoona. Ndinawauza kuti munthuyo sanabe. "Sanabe lero, mawa akanaba. Iwe ukumudziwa?"

Kenako anapempha kamera. Ndinakana.

Mbama yoyamba sindinaiyembekezere. Sanandimenyepo chimwalirire amayi. Yachiwiri inali chibakera. Ndinagwera pa shelefu, mabuku onse pamutu. Anandiponda pamkono kuti ndisiye lamba. Anapita nayo ku shedi, ndinamva nyundo. Amagwira ntchito mwadongosolo achimwene: galasi kaye, kenako thupi, kenako anayatsa makina owotcherera n'kusungunula zotsala. Anabwera nazo pa fosholo, zikufuka. "Sukulu yako inalipidwa ndi chitsulo chomwechi, Dokotala. Lero chakununkha?"

Sanafunse za khadi. Sadziwa kuti limachoka. Liri ku labu kuyambira dzulo m'mawa, m'bokosi la magalasi oyezera malungo.

Mlamu anabwera ndi madzi ofunda ndi kansalu. Anapukuta bwino, mosamala. Atamaliza: "Mlamu wanga, mwanayu akamabadwa bambo ake adzakhale ali kuti?" Funso lake n'labwino.

Dzino limodzi likugwedera. Ku ntchito ndati ndinagwa m'bafa. Ndaphunzira kunama, koma pa zopanda ntchito.

Lachitatu, 19 Juni

Ndayendabe m'mawa. Khosi lopepuka, manja osowa chogwira. Palibe wondipatsa moni. Mayi wa tomato akuti zatha, mulu uli pamaso panga. Chitseko cha Wautali anachiotcha, katundu eni nyumba amuponya panja: matiresi onyowa, mbale, chigoba cha makina chopanda mutu. Diso langa linayamba lokha kuyeza kuwala. Ndinadzida.

Achimwene andigulira mankhwala opaka padiso. Awasiya pakhomo la chipinda changa osanena kanthu. Akuganiza kuti zatha. Kuyambira ndili mwana amatero: kukalipa, kenako kamphatso. Pamene bambo anamwalira ndi iwo anasiya sukulu. Izinso ndi zoona, ndipo ndikuzilemba kuti ndisadzanene kuti ndinaziiwala.

Ku wodi akuti Wautali watentha thupi, bala la padzanja lachita mafinya. Malungo akatsika amutulutsa, apite ku ndende kukadikira mlandu. Munthu wopanda kapamba thupi lake sililimbana ndi tizilombo ngati kale. Muike m'chipinda chothinana, anthu akutsokomola, bala lotseguka. Ndawerenganso kuti nditsimikize, ngakhale ndimadziwa. Miyezi ingapo, mwina osakwana.

Achimwene ku ndende adzavutika, adzaonda, adzatuluka. Wautali sadzatuluka. Ndikaziika pa sikelo sizivuta. Vuto ndi loti mmodzi ndimadya naye.

Ndinadutsa pa bedi la Wautali ngati ndikupita kwina. Anatsegula maso. Sandidziwa. Anandipempha madzi, ndinamumwetsa. Anati zikomo amayi.

Lachinayi, 20 Juni

Ndapereka khadi. Lonse, lopanda mpata.

Wofufuza waliika mu envelopu, wamata, ndasaina pomata. Wayang'ana diso langa, sanafunse. Wangoti ngati ndili ndi kwina kogona ndipiteko. Ndilibe. Nyumbayi ndi ya tonse awiri.

Ndaphika ndine madzulo. Achimwene awonjezera kawiri, akuti lero Dokotala wakumbukira mchere.

Lolemba, 24 Juni

Wautali amumasula unyolo dzulo. Mlandu wake authetsa. Dzanja madokotala alephera kulipulumutsa, alidula Lachisanu, pansi pa chigongono. Mkazi wake wakatenga makina kwa amayi atelala ndi wapolisi. Singano inali yothyoka. Ine sanandiyang'ane, ndipo palibe chifukwa choti andiyang'anire.

Apolisi abwera lero m'mawa, nthawi imene ndimatuluka kukayenda. Galimoto inali itadzaza kale: mayi wa tomato, wa lamba uja, mnyamata wa tayala. Msewu wonse pa mageti, chete. Mwala umodzi unagwa padenga pathu, wina unaswa zenera la kukhitchini. Mlamu anakhala pansi pakhonde, osalira, manja pamimba.

Achimwene anawapeza akusamba m'manja. Sanalimbane. Anapempha kuti avale nsapato, anawalola. Anakhala pa sitepe n'kumanga zingwe pang'onopang'ono, mfundo ziwiriziwiri. Ine ndinaima pakhomo. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ngakhale kulavuliridwa. Ndinali ndi mayankho, ndinawakonza usiku.

Anadzutsa mutu. "Koma ndinatuluka bwino pa zithunzipo, Dokotala?"

Ndikanangokhala chete. Munthu wina aliyense akanakhala chete.

Ndinati eya.