Zitsulo Zako Zija Zinafika

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi ana. Kuno ndikudzuka, koma dzanja lamanja lija lidakali ndi mwano chidwalire sitiroko. Akundilembera kalatayi ndi telala wa pakhonde la golosale, ndipo ndamuuza kuti akangoseka ndizikasoketsa kwina.

Zitsulo unatumiza zija zinafika. Ine ndanyamula matumba a simenti kudepoti zaka makumi anayi, lero undiphunzitse kunyamula ndi vidiyo ya pafoni? Munthu wakenso wa kabudula wothina, thukuta kamukamu, koma palibe katundu amene wafika kulikonse.

Tiwiri tija ukuti madambelo ndi zidole. Kulemera kofanana uku ndi uku, pogwira posalala pakati. Unauonapo kuti katundu waulemu choncho? Katundu weniweni amakokera mbali imodzi, amafuna akugwetse. Ndiye mpaka kusankha ta pinki. Kamodzi mwa tiwirito ndinatsamiritsa chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Bola chinacho, ketulobelo, chooneka ngati ketulo imene anaiwala kuikapo mlomo. Chogwirira pamwamba, kulemera pansi, ngati ndowa. Chimafuna msana, chiuno ndi miyendo, osati kadzanja kokha. Ndinamuuza telala yemweyu kuti chimenechi ndiye cha amuna.

Mlongo wako anabwera Lamlungu, n'kundipeza ndikukokera kubafa ndowa ya madzi theka. Akuti mwezi uno ukatha ndisanayambe kudzinyamulira yodzaza, akhoma nyumba ino n'kunditenga ndizikakhala kwake, m'kachipinda kakuseri kosungira makatoni. Ndinamuyankha kuti simenti ya nyumba ino inabwera paphewa langa, ndidzatulukamo ndili m'bokosi.

Atapita ndinatseka chitseko n'kuchigwira chiketulo chija. Mwana wanga, sichinasunthe. Makilo sikisitini okha, ine wa matumba a makilo fifite. Zala zinangotseguka zokha. Ndinakhala pansi nthawi yaitali.

Kenaka ndinakatenga kapinki kuchitseko kuja. M'mawa uliwonse ndimatseka makatani n'kumakanyamula. Ndinayamba katatu, pano ndikumafika kakhumi, ndipo dzulo ndinamwa tiyi ndi dzanja lamanja osadzitayira. Sindikunena kuti ndi kabwino. Ndi chidole ndithu.

Tsono unditumizire madambelo ena olemererapo pang'ono, akuda, omatidwa bwino m'katoni. Afike mwezi usanathe. Mlongo wakoyo usamuuze. Akabwera amachipeza chiketulo chili pakati pa balaza, ndipo ndimachipukuta fumbi kuti aziona ngati chikugwira ntchito.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu anga onse. Telala uja waseka, koma ndikambirana naye kalata ikatha.

Ndine bambo ako.
Chidindo cha chala chili pansipacho ndadinda ndekha, ndi dzanja lamanja.